Chibangili cha agogo ndi mizere ya ku Paris yosakalamba

Chaka chatha tinaika maliro a azakhali anga, omaliza mwa ana a agogo. Patapita mwezi tinakumana kuti tigawane katundu monga mwa mwambo. Za mbuzi ndi makina osokera sizinavute. Chimene chinatsala pang'ono kutidanitsa ndi kanthu kamene tinakapeza m'chitini cha masikono pansi pa sutikesi, kokulungidwa m'duku yakale: chibangili cha malemu agogo athu aakazi.

Ndichifotokoze kuti nanunso muchione. Ndi timagawo 8 tolumikizana ngati unyolo. Kagawo kalikonse n'kamakona anayi, konyezimira ngati chiwongolero cha njinga yatsopano. Pakati pake pali kachidutswa kakuda bii kodulidwa ngati masitepe, ndi kena kofiira psuu kamakona atatu. Duwa palibe, mbalame palibe, tsamba palibe. Ndi mizere yokhayokha.

Agogo aamuna anachigula ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1930. Anapita wapansi, mwa selefu, monga ankachitira anyamata ambiri a nthawi imeneyo, ndipo anakagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu. Pobwera anatenga njinga, galamafoni ndi chibangilichi. Njinga inatha, galamafoni inadyedwa ndi chiswe, chibangili chokha n'chimene chatsala.

Banja lonse linkakhulupirira kuti ndi siliva. Tsono mwana wa mlongo wanga anachitengera kusitolo ina yogula golide m'tauni. Mwini sitoloyo anachikanda, anachiika pasikelo, kenaka anaseka. Anati, "Achimwene, ichi n'chitsulo ndi pulasitiki basi." Mtengo umene anatchula sukanagula ngakhale thumba la makala. Uthengawu utafika, ena anakwiya ngati agogo anawanamiza ali kumanda. Ena anati tiwapatse ana aziseweretsa. Ine ndinati andipatse, mbuzi yanga atenge. Mlamu wanga anandiyang'ana nati, "Alamu, zaka zonse munakhala kunja zija mwabwerako ndi misala imeneyi?"

Ndalemba nkhaniyi kuti ndiwayankhe alamu anga, komanso kuti ndikambe ndi inu amene muli ndi zitini zotere m'nyumba zanu.

Pamene ndinali kuchona ku London ndinkakonda kuyenda pamsika wa Portobello Road tsiku Loweruka. Ndalama zogulira ndinalibe, ndinkangodyetsa maso. Kumeneko n'kumene ndinaona zibangili, ndolo ndi mphete zofanana ndi cha agogo, ndipo ndinamva dzina lake koyamba: Art Deco. Dzinali linachokera ku chionetsero chachikulu cha zaluso zokongoletsera chimene chinachitika ku Paris kuyambira Epulo mpaka Okutobala 1925. Chinayenera kuchitika mu 1915 koma nkhondo yoyamba ya dziko lonse inasokoneza. Anthu pafupifupi 16 miliyoni anakachiona. Lamulo la okonza chionetserocho linali lakuti asabweretse zinthu zongotengera luso lamakedzana, ankafuna zatsopano zokhazokha. Dzina lakuti Art Deco lenilenilo linatchuka mochedwa, makamaka Bevis Hillier atatulutsa buku lake mu 1968. Amisiri amene ankapanga zinthuzi ankangoti ndi luso lamakono.

Kuti timvetse chimene chinali chatsopano, tiyambe taona chimene chinalipo kale. Cha m'ma 1900 ku Ulaya kunali kapangidwe kotchedwa Art Nouveau, kamene René Lalique anatchuka nako. Kameneka kanali ka mizere yokhotakhota, maluwa, tombolombo, akazi atsitsi loyenda ngati madzi. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inaphwanya dziko limenelo. Amuna atapita kunkhondo, akazi analowa m'mafakitale, m'maofesi, ena anayendetsa magalimoto onyamula ovulala. Nkhondo itatha ambiri sanafune kubwerera m'madiresi okwekwa pansi ndi malamba ofinya m'mimba. Anadula tsitsi, anavala madiresi owongoka opanda manja. Khosi, makutu ndi mikono zinaonekera, ndipo zokongoletsera zinatsatira: ndolo zazitali zolendewera, zibangili zosanjikiza, mikanda yofika pamchombo, wotchi yapamkono. Akazi a ku Britain a zaka zoyambira 30 anapeza ufulu wovota mu 1918, a ku America mu 1920, pamene a ku France, kumene lusoli linabadwira, anadikira mpaka 1944.

Ife amene tinaona lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi mpaka linachotsedwa mu 1993, sitifunika kuuzidwa kuti kutalika kwa diresi kumatha kukhala nkhani ya ndale.

Chachiwiri chinali makina. Anthu a nthawi imeneyo ankagoma ndi ndege, galimoto, sitima zapamadzi ndi nyumba zosanjikiza. Louis Cartier anajambula wotchi yotchedwa Tank mu 1917 potengera maonekedwe a akasinja a nkhondo, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1919. Mpaka lero ikupangidwabe. Jean Després, amene pa nthawi ya nkhondo ankajambula zipangizo za injini za ndege, anapanga mphete zooneka ngati zitsulo za m'kati mwa injini. Amakaniko athu a ku Ndirande akanaziona akanatchula dzina la chitsulo chilichonse.

Chachitatu chinali chitsulo chotchedwa platinum. Chimasungunuka pa madigiri 1,768, kotero amisiri analephera kuchigwiritsa ntchito bwino mpaka atapeza malawi otentha kwambiri a mpweya. Ubwino wake ndi wakuti n'cholimba ngakhale chikhale chopyapyala ngati ulusi. Ndi chitsulo chimenechi mmisiri ankatha kundandalika miyala yodulidwa mwamakona, mwala kukhudzana ndi mwala, chitsulo osaoneka kwenikweni. Mu 1933 kampani ya Van Cleef & Arpels inalembetsa njira yake yoikira miyala pa tinjanji tobisika, moti woona amangoona miyala yokhayokha ngati yangogwirana yokha.

Chachinayi chinali maso oyang'ana kunja. Mu Novembala 1922 Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun ku Egypt, ndipo Ulaya yense anapenga ndi zojambula za ku Egypt. Jacques Cartier anali atapita kale ku India mu 1911, ndipo kuchokera kumeneko kunabwera nzeru yosakaniza miyala yofiira, yobiriwira ndi yabuluu yosemedwa ngati masamba ndi zipatso. Ku China ndi ku Japan anatengako mwala wa jade ndi utoto wonyezimira. Za ku Africa ndizikamba bwino posachedwa, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Nanga n'chifukwa chiyani patapita zaka 100 anthu akufunabe zinthu zimenezi? Mu 2025 ku Paris kunachitika chionetsero chokumbukira zaka 100 za lusoli, ndipo achinyamata ambiri ofuna mphete ya chinkhoswe amapemphabe mwala wodulidwa mwamasitepe. Ine ndikuona zifukwa zitatu.

Choyamba, mzere wowongoka subisa chinyengo. Aliyense amene anamangapo nyumba amadziwa kuti mmisiri wabodza amagwidwa pakona. Duwa likapendekeka pang'ono munthu amati ndi mmene maluwa amakhalira. Koma timiyala 20 tamakona tikandandalikidwa, kamodzi kakapotoka ngakhale pang'ono, mwana amene amaona. Kotero zinthu zambiri za nthawi imeneyo zimene zafika lero zinapangidwa mosamala, ndipo diso limazindikira kusamalako ngakhale mwini diso sadziwa dzina la luso.

Chachiwiri, duwa limasintha ndi nyengo ya mafasho, pamene makona atatu ndi chozungulira zilibe chaka. Chibangili cha agogo chimayenera diresi ya ku ofesi, chimayeneranso chitenje. Ndinayesa kumuveka mdzukulu wanga amene ali ku koleji, anzake anamufunsa kuti wachigula sitolo iti.

Chachitatu n'chimene ndimachikonda koposa. Kukongola kwa lusoli kuli m'kajambulidwe, choncho kunatha kutsika kuchoka kwa mafumu kufika kwa wophika. Leo Baekeland anapanga pulasitiki wotchedwa Bakelite mu 1907. Kunalinso wina wotchedwa galalith, wopangidwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe. Chuma cha dziko chitagwa mu 1929, anthu ogula dayamondi anachepa, ndipo mafakitale monga ya Jakob Bengel ku Idar-Oberstein m'dziko la Germany anapanga zibangili ndi mikanda yambirimbiri ya chitsulo chokutidwa ndi chrome ndi pulasitiki ameneyu, n'kumazitumiza kumaiko akutali. Coco Chanel nayenso anaphunzitsa akazi olemera kuti kuvala ngale zabodza si manyazi. Umu ndi mmene mizere imene inaonetsedwa ku Paris mu 1925 inafikira m'windo la sitolo ku Johannesburg, pa mtengo umene munthu wa ku Nyasaland akanaukwanitsa atasunga malipiro a miyezi ingapo.

Amene akukayika kuti kajambulidwe kamaposa mwala amve nkhani iyi. Mu 1928 kampani ya Cartier inamaliza mkanda wa Bhupinder Singh, mfumu ya ku Patiala m'dziko la India. Unali ndi madayamondi 2,930, ndipo pakati pake panali dayamondi wachikasu wotchedwa De Beers, wamakarati opitirira 234, kutanthauza magalamu pafupifupi 47. Cha m'ma 1948 mkandawo unasowa. Mu 1998 zotsala zake zinapezeka ku London, miyala ikuluikulu itazulidwa. A Cartier anazigula, anatha zaka zinayi akukonza, ndipo m'malo mwa miyala yosowayo anaikamo miyala yopanga anthu. Anthu amaimabe pamzere kuti akaone mkanda umenewo, akudziwa bwino lomwe kuti mwala waukuluwo ndi wongoyerekeza. Chimene amakaona ndi dzanja la mmisiri.

Tsopano ndimve mawu a otsutsa, chifukwa ena mwa iwo ndi anzanga amene tinadya nawo nsima ya chimanga chachikasu kuchona. Iwo amati izi ndi zoseweretsa za azungu olemera, zopangidwa ndi thukuta la anthu akuda, ndipo munthu wa ku Africa amene amazikonda ali ngati kapolo wogoma ndi mkwapulo wa mbuye wake. Sindingawatsutse zonse. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Dayamondi wachikasu uja anakumbidwa ku Kimberley mu 1888, chaka chimene Cecil Rhodes anaphatikiza migodi ya kumeneko kukhala kampani imodzi. Anthu akuda okumba miyalayo ankatsekeredwa m'makomponi kwa nthawi yonse ya kontilakiti yawo, ndipo asanatuluke ankawasunga kwa masiku angapo n'kumawasecha thupi lonse, kuopa kuti ameza mwala. Ifenso nkhaniyi imatikhudza. Kampani ya Rhodes, British South Africa Company, inkapereka mapaundi 10,000 pachaka kwa Harry Johnston kuti ayendetsere boma la atsamunda m'dziko lino kuyambira 1891. Platinum nayo poyamba inkachokera ku Russia ndi ku Colombia, koma mu 1924 Hans Merensky anatsimikiza za mgodi waukulu ku Transvaal, ndipo lero South Africa ndi imene imakumba platinum wambiri padziko lonse. Pamene akazi a ku Paris ankavina ndi zibangili zawo, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anali akutsogolera bungwe la antchito akuda limene analiyambitsa ku Cape Town mu 1919, kumenyera malipiro oti munthu n'kudyetsa ana.

Sanatenge miyala yokha. Anatenganso maonekedwe. Pierre Legrain anapanga mipando yotengera mipando ya mafumu a ku Africa. Jean Dunand anapanga mikombero yosanjikiza ya m'khosi ndi m'mikono imene Josephine Baker ankavala. Mu 1926 Man Ray anajambula Nancy Cunard atavala makoza a minyanga a ku Africa kuyambira padzanja mpaka pachigongono. Pakati pa 1924 ndi 1925 kampani ya Citroën inatumiza magalimoto kudutsa Africa kuchokera ku Algeria mpaka ku Madagascar, gulu limodzi linadzera cha kunyanja yathu ino popita ku Mozambique, ndipo zimene anasonkhanitsa anazionetsa ku Paris mu 1926. Maina a Legrain ndi Dunand ali m'mabuku. Maina a amisiri amene anasema mipando ndi makoza oyambirirawo sanalembedwe. Pachikwangwani ankangolemba dzina la mtundu, ngati mtundu wonse unagwira sompho limodzi.

Zonsezi ndi zoona, ndipo amene amakonda Art Deco koma safuna kuzimva ndi wamantha. Komabe anzanga aja ndimasiyana nawo pa mathero. Iwo amati tizitaye. Ine ndimati tiziyang'anitsitse, chifukwa tikatero tidziona tokha.

Tengani lichero la amayi anu muliyang'ane padzuwa. Onani mmene nsungwi zimadutsirana n'kupanga masitepe. Onani mizere ya pakhosi pa mbiya, mikanda ya Angoni, mphini za agogo athu, mphande imene mafumu ankavala. Pitani ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, mukaone zozungulira ndi mizere yofiira imene Akafula anajambula kalekale. Sindikunena kuti a ku Paris anatengera ku Chongoni ayi. Ndikunena kuti makona atatu alibe mwini. Agogo aamuna sanaphunzire, dzina la Cartier sanalimvepo, koma pakati pa zinthu zonse za m'windo lija anasankha chimene chinali ndi mizere ya kwawo. Agogo aakazi, amene anali woumba mbiya, anachivala zaka 40 osaona kuti n'chachilendo.

Ndiye kusiyana kuli pati pakati pa mmisiri wa ku Paris ndi wa kwathu? Ine ndikuona kuti kuli pa zinthu ziwiri zimene tingathe kuzikonza.

Choyamba ndi dzina. Makampani akuluakulu a ku Paris ankadinda dzina ndi nambala pa chinthu chilichonse, n'kusunga zojambula ndi mabuku a malonda. N'chifukwa chake patapita zaka 70 anatha kuzindikira zidutswa za mkanda wa ku Patiala n'kuubwezeretsa. Ife timagula lichero pamsewu osafunsa amene waluka. Osema ziboliboli athu amagulitsa ntchito ya sabata yathunthu popanda chizindikiro, mlendo n'kupita nayo, ndipo kumeneko imangotchedwa luso la ku Africa. Zimene tikuwadzudzula nazo atsamunda tikudzichitira tokha.

Chachiwiri ndi kudula. Phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu lili ndi miyala ya ruby ndi sapphire. Ku Mzimba kuli aquamarine. Imeneyi ndi mitundu yomwe ija amisiri a m'ma 1920 ankaindandalika pa platinum. Koma phindu lalikulu la mwala limabwera ukadulidwa, kupukutidwa ndi kuikidwa pamphete, ndipo ntchito imeneyi imachitika ku Jaipur, ku Bangkok, ku Idar-Oberstein, pamene madayamondi ambiri a padziko amadulidwa ku Surat m'dziko la India. Anzathu a ku Botswana anakakamira mpaka mu 2013 De Beers inasamutsa malonda ake a madayamondi kuchoka ku London kupita ku Gaborone. Wogulitsa mwala wosadula ali ngati mlimi wogulitsa chimanga chisanache. Mwana mmodzi wophunzitsidwa bwino kudula mwala mwamakona angabweretse zambiri kuposa amuna khumi okumba ndi mapiki.

Pali machenjezo awiri amene sindingawasiye. Zinthu zambiri zogulitsidwa lero m'dzina la Art Deco n'zopangidwa dzulodzuloli, choncho musalipire mtengo wa chinthu chakale chifukwa choti wogulitsa walumbira. Safunsa anadya phula. Komanso zina mwa zinthu zenizeni za nthawi imeneyo ndi za minyanga ya njovu, ndipo malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Mizere tingaitengere, koma minyanga tiisiyire njovu za ku Liwonde ndi ku Kasungu.

Mwini sitolo uja sananame. M'chibangili cha agogo mulibe siliva ngakhale kadontho. Kulakwa kwake, kumenenso kunali kulakwa kwa banja lathu, n'kuganiza kuti chinthu chimayezedwa ndi sikelo yokha. Maganizo amenewa asungunulitsa mphete zambiri zakale kuti golide wake agulitsidwe pa magalamu, ntchito ya mmisiri n'kuthera m'ng'anjo. Ndi maganizo omwewa amene amatigwetsetsa nyumba zakale m'matauni mwathu chifukwa choti malowo ndi odula kuposa njerwa zake. Inu amene munakhalako ku Durban, ku Mumbai kapena ku Asmara munaona nyumba za kapangidwe komweka zitaimabe, ndipo za ku Asmara ndi za ku Mumbai zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2017 ndi 2018. Za ku Asmara zinamangidwa pansi pa ulamuliro wankhanza wa Mussolini, koma anthu a ku Eritrea atapeza ufulu sanazigwetse. Anazisunga, ndipo mbiri yake yowawayo amaikamba.

Pempho langa kwa inu awerengi ndi laling'ono. Tsegulani zitini zija. Musanapite nazo kusikelo, khalani pansi ndi wamkulu amene watsala m'banja mwanu, mufunse amene anagula chinthucho, kumene anachigula, ndi ntchito imene anagwira kuti achipeze. Mulembe papepala, muike m'chitini momwemo. Mukagula chinthu kwa mmisiri wa kuno, mufunse dzina lake, mumuuze alidinde.

Ine ndachita kale zimenezi. Pepala langa lili ndi dzina la agogo aamuna, dzina la agogo aakazi, mudzi wathu ndi mawu oti Johannesburg. Mdzukulu wanga uja akuchita chinkhoswe mwezi wa Ogasiti, ndipo wapempha kuti adzavale chibangilicho. Alamu anga atamva anafunsa ngati mwana wawo angadzabwereke nawo pa ukwati wake chaka chamawa. Ndawauza kuti abweze kaye mbuzi ija.